Mbendera Yachikasu Patsinde pa Phiri

Chaka cha chisankho choyamba cha zipani zambiri

Ana anga, za ubwana wanga ku Limbuli munazimva mpaka kutopa nazo, ndiye pano ndingoyambira pa ntchito. Chaka chimene dziko linavota koyamba pa zipani zambiri, ine ndinachotsedwa ku Boma, komwe ndinkataipa makalata a za nkhalango, n'kutumizidwa ku kaofesi ka patsinde pa phiri la Mulanje. Anzanga anandipepesa ngati ndaferedwa. Kaofesiko kanali ka chipinda chimodzi, tebulo limodzi, mipando iwiri ndi zenera loyang'ana kuphiri. Pakhomo pake panali mtengo wa mapeyala umene unkaponya zipatso padenga la malata n'kumatidzidzimutsa pakati pa ntchito. Udindo wanga unali wopereka chilolezo kwa aliyense wofuna kukwera phiri ndi kukagona m'tinyumba ta alendo ta pamwamba. Ndinkaona ngati ndi ntchito yoti ngakhale mwana wa sitandade faifi akhoza kuigwira: kulemba dzina, kudinda, basi.

Amene anandichotsa maganizo amenewo ndi a Nikoloma, bwana wanga woyamba, bambo wamfupi wa imvi amene ankayenda ndi cholembera kukhutu ngakhale popita ku tchalitchi. Tsiku loyamba lomwelo anatsegula buku lalikulu lachikuto chakuda n'kulikankhira kwa ine.

"Mayi Makwinja, tawerengani mitu ya m'mwambayi mokweza."

Ndinawerenga: dzina, kochokera, njira, kanyumba kokagona, woperekeza, tsiku lokwera, tsiku lotsika. Kumapeto kwenikweni kunali kabokosi kopanda mutu.

"Nanga aka n'kachiyani, abwana?"

"Ako ndiye ntchito yanu. Munthu akatsika, abwere pano ndi miyendo yake, asaine m'kabokosimo inu mukuona. Timati kutseka mzere. Mukaona mzere wosatseka, musaganize kuti inatha inki. Ndi munthutu ameneyo."

Kenako anatulutsa buku lina lakale m'kabati, lodyedwa ndi njenjete m'mbali, n'kutsegula patsamba limene ankalidziwa osafufuza. Mizere yonse inali yotseka kupatula umodzi. Anali mlendo amene anakwera yekha ku Sapitwa, nsonga yaitali kuposa zonse, atakana woperekeza, ndipo sanaonekenso ngakhale chipewa chake. A Nikoloma analoza chidindo chakumapeto kwa mzerewo n'kunena mosakweza mawu kuti, "Anadinda apa ndine." Anatseka bukulo ndi manja awiri, n'kundipatsa malamulo awiri oti ndisawaswe ngakhale atandipempha mkulu wanji. Loyamba, ku Sapitwa munthu sapita wopanda woperekeza. Lachiwiri, chiperoni chikakhala paphiri, kamvula kowaza kaja kobwera ndi nkhungu yozizira kuchokera ku Mozambiki, chidindo chizikhala m'dilowa.

Zaka zisanu ndi ziwiri zotsatira

Za kusowa kwa zipangizo ndikhoza kudzaza nazo buku lina. Mafomu a chilolezo ankatha m'mwezi wa Juni alendo atangoyamba kuchuluka, ndiye ine ndinkajambula mizere ndi lula kuseri kwa makalendala akale. Inki ya chidindo ikauma tinkadonthezera tiyi wakuda pakasiponji, ndipo chidindo chinkatuluka chofiirira, chonunkhira ngati kadzutsa. Wailesi yolankhulirana ndi alonda a tinyumba ta pamwamba inafa ine ndisanafike, ndipo chaka chilichonse ankatilonjeza ina. Uthenga unkayenda ndi miyendo ya onyamula katundu. Mvula ikagwa ndinkavundikira buku lija ndi chitenje changa, ine n'kumanyowa, chifukwa denga linkadontha ndendende pamwamba pa tebulo.

Nyengo sitinkaimvera pa wailesi. Tinkaimva kwa a Muhiwa, mkulu wa operekeza onse, bambo wowonda ngati nsungwi amene ankakwera phiri ndi nsapato za matayala. Mawu awo anali owerengeka. M'mawa uliwonse ankaima pansi pa mtengo wa mapeyala uja, n'kuyang'ana kuphiri kwa kanthawi, kenako n'kusuzumira pazenera langa. Akati, "Lero latsegula, amayi," ndinkatulutsa chidindo. Akati, "Lero latseka," ndinkayamba kukonzekera kukangana ndi alendo. Pazaka zonsezo sindikumbukira tsiku limene analakwitsa.

Apa ndiulule chinthu chimene ndinkachita nacho manyazi. Zaka zonsezo ndikupereka zilolezo, ine mwini phirilo ndinali ndisanalikwerepo. Ndinkathera pamathithi a m'munsi pamene tinkapita ndi ana a Sande sukulu. Njira zonse ndinkazidziwa pamtima ngati nyimbo za m'buku, ndipo ndinkauza alendo pamene pali madzi, pamene pali poterera, osanena kuti ndinangozimva kwa a Muhiwa. Phirilo ndinkaliopa. Ndinakula ndikumva kuti kumwambako n'kwa eni ake, ndipo ngakhale ndine wa mvano, mtima sunkandilola kukatsimikiza ndekha.

A Nikoloma atapuma pantchito kunabwera a Bonongwe, wachinyamata wa sukulu yambiri ndi nsapato zonyezimira. Sanali munthu woipa, ndisawanamizire. Ankangofuna kuti alendo achuluke, ndiponso kuti akuluakulu azimutchula bwino. Buku langa ankalitcha "baibulo la Mayi Makwinja", ndipo ankaseka akandiona madzulo ndikuyendetsa chala pa timabokosi ndisanatseke chitseko.

Mwezi wa Julayi, chaka chimene Tamanda anayamba sukulu

Munthu amene ndikufuna mumudziwe anafika Lolemba masana, atatsika minibasi yochokera ku malire. Anali mzungu wachikulire, wamtali, khungu lopserera ngati chikopa cha ng'oma, manja okhakhala kuposa a wothyola tiyi. Dzina lake linali lovuta pakamwa, choncho onyamula katundu atamva kuti amayendetsa bwato anangomutcha Kaputeni, ndipo inenso ndimutchula choncho. Anali atakhala zaka zambiri akuzungulira nyanja zamchere yekhayekha m'bwato la matanga, kuchoka chilumba ichi kupita china. Bwatolo analisiya pa doko lina ku Mozambiki n'kubwera pamtunda kudzaona phiri lathu. Tinkalankhula Chingerezi, changa cha ku sekondale, chake cha m'mphuno, koma pano ndalemba m'chinenero chathu.

"Ndikufuna chilolezo cha ku Sapitwa, mawa m'mawa. Ndipita ndekha."

"Nokha sizitheka, bambo. Ndipo mawa sizitheka ngakhale mutakhala khumi. Taonani pazenera."

Pazenerapo panalibe phiri. Panali chikhoma choyera cha nkhungu kuyambira kuseri kwa mtengo wa mapeyala mpaka kumwamba, ndipo a Muhiwa anali atanena kale m'mawa kuti latseka. Kaputeni anaseka, osati monyoza, koma ngati mmene umasekera mwana akamakuchenjeza za galu wa kwanu komwe.

"Mayi, ine ndinayendapo panyanja mwezi wathunthu osaona mtunda. Mapu ndili nawo, kampasi ndili nayo. Ndipo nthawi ndilibe. Pepala lolola bwato langa kukhala ku Mozambiki litha pakapita masiku khumi, atatu mwa amenewo ndi a ulendo wobwerera. Ndikachedwa, bwato alimanga."

Ndinamuuza kuti chiperoni chimatha kukhala sabata yathunthu, ndipo sindingamulonjeze tsiku. Apo anatulutsa kalata yochokera kwa bwana wamkulu wa esiteti ina ya tiyi, amene anamulandira usiku wapitawo. Kalatayo inali yopita kwa a Bonongwe. Abwana anaiwerenga ataima, nkhope inasintha, kenako anandiitanira kuseri kwa ofesi.

"Mayi Makwinja, mudindireni munthuyu. Si mwana uyu. Wazungulira dziko lonse."

"Dziko lonse inde, abwana, koma kuno sanafikeko."

"Mukudziwa amene walemba kalatayi? Mawa akaimba foni ku Boma, akayankhe ndani?"

Inu mukundidziwa kuuma mutu kwanga, mumati ndinatengera agogo anu aakazi. Ndinalowa, ndinatenga chidindo ndi fomu, n'kupita nazo kwa iwo. "Chidindo ndi ichi, abwana. Dindani nokha, musaine dzina lanu. Langa ayi." Anachiyang'ana chidindocho ngati ndawapatsa khala lamoto, ndipo sanachilandire. M'malo mwake anandiuza kuti alemba kalata yondisamutsira ku nazale ya mitengo ku Nkando, ndikaphunzire ulemu pothirira mbande. Zimenezo sizinandipweteke kwambiri ngati zimene anamaliza nazo. Anati, "Mumakaniza anthu phiri limene inu simunalipondepo n'kamodzi komwe. Mumalidziwira pazenera."

Ndinabwerera patebulo. Nkando kunali kutali ndi nyumba ya kampani imene tinkakhala ndi abambo anu ku esiteti, ndipo inu munali aang'ono. Kunena zoona, ndinayesedwa. Ndinadziuza kuti mwina munthuyu apita n'kubwerako bwinobwino, ine n'kukhala nditataya ntchito pachabe. Koma m'kabati kumbuyo kwanga munali buku lakale lija, ndipo mawu a a Nikoloma oti "anadinda apa ndine" sankandichoka m'khutu. Chidindo ndinachibwezera m'dilowa n'kukhoma.

Kaputeni anali akadali pampando, akubweza mapepala ake m'chikwama cha pulasitiki. Pofuna kuziziritsa zinthu ndinamufunsa za buku lina lokhuthala limene linali pamwamba. Anati ndi buku la bwato, n'kundipatsa kuti ndione. Ana anga, ine ndine munthu wa chidindo, koma zidindo zoterozo ndinali ndisanazionepo: zozungulira, zamakona atatu, zina zokhala ndi nsomba, zina mbalame, zina zolembedwa pamanja chifukwa chidindo kunalibe. Chilichonse chinali cha chilumba chake. Ndinayamba kufunsa ngati mwana, iye n'kumayankha, mkwiyo wake ukutsika.

Anandifotokozera kuti bwato lachilendo likafika pa chilumba silimangokocheza n'kutsika. Umaima chapatali n'kukweza mbendera yachikasu, yopanda cholembedwa chilichonse, kutanthauza kuti ndine mlendo, sindinaponde mtunda wanu, ndikupempha kulowa. Ukatero umadikira m'bwato momwemo mpaka wa boma abwere, aone mapepala, afunse kumene wachokera ndi zimene wanyamula, ngati uli ndi matenda kapena mbewu zoletsedwa. Pa kachilumba kena kakutali kwambiri anadikira masiku anayi chifukwa wachidindo anali ku maliro, madzi akumwa akutha, mitengo ya kokonati akuionera patali. Kwina chilolezo umachipempha miyezi ingapo usanafike, ndipo amakuuza malo amodzi okha oponyera nangula. Kwinanso polowera pali miyala yobisika m'madzi, ndiye munthu wa pachilumbapo amakwera m'bwato lako, kuima kutsogolo n'kumakulozera ndi dzanja podutsa.

"Munthu ameneyo amakhala wodziwa nyanja kuposa inu?" ndinafunsa.

"Ayi. Mwina sanapitepo patali n'komwe. Koma miyala ya kwawo amaidziwa."

"Ndiye munayamba mwamukanapo?"

Iye anatenga buku lake n'kulitseka, anavala chipewa, n'kutuluka osatsazika. Ndinaganiza kuti wapita kukandinenera.

M'mawa mwake, pofika ku ntchito, ndinapeza onyamula katundu ataunjikana akuloza m'mwamba. Panthambi ya mtengo wa mapeyala panali pakulendewera kansalu kachikasu, konyowa ndi kamvula. Pansi pake panali tenti yaing'ono, ndipo pakhomo pa tentiyo panakhala Kaputeni, kapu ya tiyi m'manja. Atandiona anaimirira n'kuvula chipewa. Anati, "Ndikupempha kulowa, mayi. Ndidikira." Alendo ambiri anandikalipirapo, ena anandinyengererapo, koma wondipatsa ulemu wotere, ine ndi kabuku kanga ndi chidindo changa cha tiyi, anali asanapezekepo.

Anadikira Lachiwiri, Lachitatu ndi Lachinayi. M'mawa uliwonse ankaima pambali pa a Muhiwa, onse awiri maso kuphiri, ndipo a Muhiwa akati latseka, iye ankangogwedeza mutu n'kubwerera ku tenti. Masiku ake ankatha ine ndikuona, ndipo mtima unkandipweteka, chifukwa bwatolo ndiye inali nyumba yake yokhayo. Nayo kalata yanga ya ku Nkando a Bonongwe anailemba Lachitatu, n'kuipereka kwa wa njinga wopita ku Boma ine ndikuona.

Lachisanu la sabata imeneyo mpaka Lolemba

Lachisanu m'mawa phiri linaonekera lonse, lotsukidwa, miyala yake ikunyezimira. A Muhiwa anasuzumira pazenera. "Lero latsegula, amayi. Koma si la masiku ambiri." Ndinalemba mzere wa Kaputeni, woperekeza a Muhiwa, tsiku lotsika Lamulungu masana, n'kudinda. Kenako, cholembera chisanachoke m'manja, ndinalemba mzere wina pansi pake: Edina Makwinja, wa ku Limbuli. Mpaka lero sindidziwa bwino chimene chinandilowa. Ndinaona kuti ngati ndikuchoka pamalo pano, ndisachoke ndikulidziwira pazenera. Ndinatuma uthenga kwa abambo anu, ndinabwereka jekete ndi nsapato za mlonda wa pa ofesi, n'kukapereka buku ndi kiyi wa dilowa kwa a Bonongwe.

"Mizere iwiri iyi ndi yotseguka, abwana. Muisunge ndinu."

"Inu mukwera phiri? Ndi thupi limenelo?"

"Ndi lomweli, abwana. Lina ndilibe."

Za tsiku loyamba ndingoti ndinalapa machimo onse. Mawondo ankalira, mpweya unkathawa, ndipo a Muhiwa ankangoti, "Pang'onopang'ono, amayi, phiri silithawa." Koma titatulukira pamwamba ndinaiwala ululu. Ine ndinkaganiza kuti pamwamba pa phiri ndi pansonga basi. Kumeneko kuli dziko lina lathunthu, ana anga, madambo a udzu wofiirira otambalala kuposa minda ya tiyi, timitsinje ta madzi oyera moti umaona mchenga uliwonse, ndi mitengo ya mkungudza imene fungo lake limakulandira usanaione. Kunalibe tambala, kunalibe chigayo, kunalibe mwana wolira. Ndinkamva magazi anga akuyenda m'makutu. Zaka zonse zija ndinkatumiza anthu kumalo amenewa ngati ndikuwatumiza ku golosale.

Loweruka tinanyamuka pakanyumba kogona kutangocha. Titafika patsinde pa Sapitwa, pamene udzu umathera n'kuyamba miyala ikuluikulu ngati nyumba, a Muhiwa anaima. Anavula chipewa n'kulankhula motsitsa m'Chilomwe, mawu ochepa, kenako anangokhala chete ngati munthu amene waodira pakhomo akudikira kuyankhidwa. Kaputeni anandinong'oneza kufunsa kuti akuchita chiyani. Ndinamuuza kuti akupempha eni malo kuti tilowe. Sanaseke. Anavula chipewa chake nayenso, ndipo ine wa mvano ndinaweramitsa mutu n'kupemphera pemphero langa. Patapita kanthawi a Muhiwa anavala chipewa n'kuyamba kuyenda, ife pambuyo.

Tinakwawa pansi pa miyala, tinadutsa m'mipata yoti munthu wa thupi langa amachita kupuma kaye kuti akwane, tinakwera pamatanthwe ndi manja ndi mawondo. Dzuwa lisanafike pamutu tinali pansonga. Ndinaimirira pang'onopang'ono n'kuyang'ana. Dziko kunalibe. Pansi pathu, mbali zonse mpaka kumene maso amathera, kunali mitambo yoyera yoyalidwa ngati thonje pamphasa, ndipo m'mitambomo munatulukira nsonga za mapiri, zakuda, iliyonse payokhapayokha. Boma, esiteti, Limbuli, kaofesi kanga, a Bonongwe ndi kalata yawo, inu ndi abambo anu, zonse zinali pansi pa choyeracho. Kumwamba kunali kobiriwira moderako kuposa mmene ndinkakudziwira. Ndinachita mantha ndi chimwemwe nthawi imodzi, ndipo ndinalira osabisa.

Kaputeni anakhala pamwala, manja pamawondo. Kenako anati, "Mayi, munati nyanja yamchere simunaionepo. Ndi imeneyi. Ndipo izo ndi zilumba. Umu ndi mmene zimaonekera ukamaziyandikira utatha masabata uli wekha." A Muhiwa okha ndiye sankayang'ana kukongolako. Maso awo anali kum'mawa, kumene mitambo inayamba kufufuma ngati thovu la mkaka pamoto, ndipo anati, "Tiyeni. Atilola kuona, sanatilole kukhala."

Nkhungu inatipeza tisanafike pakati pa miyala ija. Sinabwere pang'onopang'ono. Ndinaona msana wa a Muhiwa, ndinayang'ana pansi kuti ndiponde bwino, podzutsa mutu msanawo kunalibe. Kuzizira kunalowa mpaka m'mafupa. A Muhiwa anatiitana ndi mawu, anatigwira manja n'kutilowetsa pansi pa thanthwe lina lotchinga, n'kunena kuti tikhale pansi. Kaputeni anatulutsa kampasi ndi mapu. Anayeza, anayezanso, n'kuloza kumanzere motsimikiza.

"Njira ili uku. Tinadzera uku pokwera. Tikakhala pano tiuma ndi kuzizira."

Ndinawamasulira a Muhiwa. Iwo sanayang'ane n'komwe kampasiyo. "Muwauze akhale pansi, amayi."

Ndinaona nsagwada za Kaputeni zikulimba, ndipo mtima wanga unali m'mwamba, chifukwa akanati anyamuke panalibe womugwira. Koma anapinda mapu ake n'kukhala. Tinakhala pamenepo maola amene sindinawawerenge, titafunda bulangete limodzi la a Muhiwa, tikutafuna mtedza. Chakumadzulo mphepo inang'amba nkhunguyo kwa kanthawi kochepa, ndipo tonse tinayang'ana kumanzere kuja. Kunali thanthwe losalala, lonyowa, lopendekera pansi ngati denga, ndipo mapazi makumi awiri okha kuchokera pamene tinakhala linangothera m'malere. Kupitirira apo kunalibe kanthu, mpweya wokhawokha mpaka pansi pamene maso sankafika. Njira yeniyeni inali kuseri kwa thanthwe lathu lomwelo, kampata koti sungakaganizire.

Kaputeni anatenga dzanja la a Muhiwa n'kuligwira ndi manja ake onse awiri, ndipo a Muhiwa, amene sankakonda zoterezi, anangoti, "Tiyeni, kusanade." Ine ndinaganiza za Lolemba lija, chidindo chili m'manja mwanga, ndipo ndinazizidwa kuposa mmene nkhungu inandizizirira.

Tinafika pakanyumba bwinobwino, koma Lamulungu lonse kamvula sikanaleke, mitsinje inadzaza, ndipo a Muhiwa anakana kutsika. Wailesi kunalibe. Tinatsika Lolemba, tsiku lathunthu titachedwa. Tili pamathithi a m'munsi tinakumana ndi onyamula katundu asanu ndi mmodzi akukwera ndi zingwe ndi machira, atatumidwa kudzatifuna. Pa ofesi tinapeza a Bonongwe atakhala pampando wanga, buku lili chitsegukire patsogolo pawo, ndevu zosameta, nsapato zija zili matope okhaokha. Mlonda anandiuza pambuyo pake kuti dzulo lake sanapite n'ku tchalitchi komwe, ankangozungulira pakati pa zenera ndi poyambira njira. Atationa anaimirira. Kenako anatenga cholembera n'kundipatsa ndi manja awiri.

"Mayi Makwinja, kabokosi aka kakakhala kosatseka n'koipa. Tsekani, chonde."

Ndinasaina, Kaputeni anasaina pamzere wake pamwamba pa wanga. Asanathamangire minibasi ya ku malire anatulutsa buku la bwato lija, anatsegula patsamba latsopano, n'kundipempha kuti ndidindepo. Ndinamuuza kuti chidindo chathu si cha doko, ndipo inki yake ndi tiyi. Anati chimenecho ndiye akufuna. Choncho kwinakwake panyanja, pakati pa zidindo za nsomba ndi mbalame, pali chidindo chofiirira cha kaofesi ka patsinde pa Mulanje ndi dzina langa pansi pake. Kenako anamasula mbendera ija pamtengo n'kundipatsa. Patapita miyezi inafika positikhadi ya chithunzi cha kachilumba, yonena kuti bwato analipeza tsiku lomaliza lenilenilo.

Zaka za pambuyo pake, mpaka lero

Musaganize kuti kalata ya ku Nkando inang'ambidwa. Inali itafika kale ku Boma, ndipo ya ku Boma ikadindidwa sibwerera. Ndinakathirira mbande chaka ndi theka, ndikubwera kunyumba Loweruka lokha, ndipo iwe Fatsani ukukumbukira mmene unaphunzirira kuphika nthawi imeneyo, ngakhale zophika zakozo abambo ako amazidandaulabe. Amene analemba kalata yondibweza anali a Bonongwe omwewo. Nditabwerera ndinatsegula buku n'kuyendetsa chala pa miyezi yonse imene kunalibe ine. Sanadindire munthu n'mmodzi yemwe wopita yekha, ndipo timabokosi tonse tinali totseka, tina tolembedwa m'mbali ndi dzanja lawo ola limene munthuyo anafika. Za baibulo la Mayi Makwinja sanazitchulenso.

Phirilo ndinalikweranso kangapo, koma ku Sapitwa sindinabwerereko. Kamodzi kaja kanandikwanira, ndipo mpaka lero ndikaliona m'mawa litatulukira pamwamba pa mitambo ndimasiya chimene ndikuchita. A Muhiwa anatisiya chaka chimene ndinapuma pantchito. Mabuku amene ndinasiya m'kabati mukhoza kukawaona ngati njenjete zawasiya, ndipo simukapezamo mzere wotseguka wokhala ndi chidindo changa. Chuma china choti ndikusiyireni ndilibe chambiri, koma chimenecho ndimagona nacho tulo.

Tsono kansalu kachikasu kaja kali m'sutikesi yanga, kamene iwe Tamanda unakapeza chaka chatha n'kupukutira mbale, ine n'kukukalipira mpaka unalira osadziwa cholakwa chako, ndi kameneko. Pepa mwanawe, ndinayenera kukuuza kale. Ndakachapa, ndakasita. Tsiku langa likadzafika, mudzakaike m'manja mwanga, chifukwa kumene ndikupitako ndi kwa eni ake, ndipo sindikufuna kukalowa ndisanapemphe.